Mwala wa M'chikwama cha Achemwali

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera kuti zonsezi ndinaziyamba ndine. Mwala uja ndinautola ndine, ndinaukulunga ndine, n'kuuika m'chikwama cha achemwali anga ndi manja anga omwewa. Palibe anandituma. Koma musathamangire kundiweruza ngati mmene anachitira a kwathu. Imvani kaye, chifukwa mpaka lero ine ndimati masamu anga anali olondola. Amene anasokoneza ndi ena.

Ndine mnyamata wa Fomu 3, kwathu ndi mudzi wina kufupi ndi Chiringa, konkuno ku Phalombe. Zopusitsa anthu ndinayamba kalekale. Ndinaikapo bilimankhwe m'bokosi la choko la aphunzitsi a masamu. Ndinamangirirapo njinga ya kabaza kumtengo ndi chingwe chachitali mwiniwake akumwa tiyi, kuti ndione pomwe akathere. Anthu amaseka, wina amatukwana, mawa zaiwalika. Ndinkayesa kuti izinso zitha choncho.

Achemwali angawo dzina lawo ndi a Malita, oyamba kubadwa kwathu. Bambo athu anamwalira ine ndili Sitandade 6. Banja la achemwali litatha anabwerera pakhomo ndi mwana mmodzi, Tadala, wa zaka ziwiri. Chaka chatha anapeza mwayi wa ntchito kunja, yosamalira okalamba, kudzera mwa bambo wina wa ku Blantyre amene amatumiza atsikana m'magulu. Ife tinkangomutchula kuti ajenti. Pasipoti, zoyezetsa kuchipatala ndi tikiti zinadya munda wathu wa mpunga wa kuchigwa. Amalume, monga eni mbumba, anaupereka kwa munthu wina kuti alime zaka zitatu, iye n'kutipatsa ndalama. Mumve bwino pamenepa: kuyambira tsiku limenelo, munda wathu unali ulendo wa achemwaliwo. Wina kunalibe.

Ajenti ananena zinthu ziwiri, mobwerezabwereza pafoni. Choyamba, tikitiyo ndi yotsika mtengo, ilibe malo a katundu wamkulu, ndiye chikwama ndi chimodzi cham'manja, chisapyole makilo seveni. Chachiwiri, ndege ikakusiya tikiti yapsa, palibe zobweza.

Makilo seveni! Kwathu kuno munthu wopita ku Limbe kokha amanyamula thumba la makaka, chinangwa chouma chija, mtolo wa nzimbe ndi nkhuku yamoyo. Tsono wopita kutsidya la nyanja kwa zaka ziwiri anyamule zofanana ndi kamwana ka mbuzi?

Achemwali anaitenga nkhaniyi ngati mayeso. Sikelo za mavenda a nandolo anazikana, anati zimaba. Anakapempha kwa alangizi a zaumoyo sikelo ija amapachika pamtengo wa mango poyeza ana, ndipo wopalasa njinga ndi chikwamacho ndinali ine. Ulendo woyamba muvi unakafika pa makilo satini. Mayi wina wodikira ndi khanda anafuula kuti, "Mwana wanuyu mukumudyetsa chiyani, mayi Tadala? Tigawireniko phalalo!" Onse anaseka, achemwali okha ayi.

Anayamba kuchotsa. Bulangete linatuluka. Simbi inatuluka. Nsapato za kutchalitchi, botolo lalikulu la mafuta odzola, Baibulo lachikuto cholimba limene anapatsidwa paubatizo, zonse panja. Zitenje zinatsala ziwiri. Juzi ndi jekete anati adzavala m'thupi, kutentha konse kwa mwezi wa Okutobala kuja, popeza munthu samuyeza. Chimene anakana kuchotsa ndi kamalaya kakale ka Tadala, kosachapa, anati kali ndi fungo lake. Pomaliza muvi unaima pa sikisi ndendende. Kilo imodzi anaisiya dala, poti masikelo amasiyana.

Vuto linali anthu. Mukudziwa nokha kuti kwathu munthu sachoka chimanjamanja. Wopita kutali amapatsidwa kamba, ndipo kukana kamba ndi kukana mwiniwake. Sabata yonse anthu ankabwera, wina ndi mtedza, wina ndi chigumu, wina ndi mpunga wa m'mbale. Achemwali ankagwada, kuthokoza, n'kubweza. Ena ankamvetsa. Ambiri ankapita akung'ung'udza kuti munthu asanakwere ndege wayamba kale chizungu.

Amene zinawapweteka kwambiri ndi azakhali, mlongo wawo wa malemu bambo. Iwowa sanali a m'mudzi muno. Anabwera kudzadwazika bambo, maliro atatha analibe kobwerera, amayi n'kuwapatsa malo kumapeto kwa mudzi. Analibe mwana, analibe mwamuna, ndipo pakamwa pawo panali powawa. Anabwera ndi jumbo ya kalongonda, nyemba zathu zija zofuna kuphika tsiku lathunthu. Achemwali anati, "Azakhali, pepani, sikelo yakana. Komanso kumeneko nkhuni zophikira tsiku lonse ndikazitenga kuti?"

Azakhali anatola jumbo yawo. "Chabwino. Pitani ndi sikelo yanuyo, ikakudyetseni. Tiona ngati mukafike." Anawonjezera ena m'Chilomwe chimene ife ana timangomva mwa apo ndi apo. Amayi angapo anali pamtondo, anamva.

Tsiku loti mawa ndi ulendo, masana, achemwali anapita kukatsanzika kwa abusa. Chikwama chinali pabedi la amayi, chotsekedwa ndi kaloko, kiyi ali pamsomali pomwe aliyense amadziwa. Inu owerenga, kilo imodzi yotsala ija inkandiitana. Ndinatsikira kumtsinje wochokera m'phiri la Michesi, ndinasankha mwala wosalala, wofanana ndi mango aakulu. Ndinaupima m'manja, ndinadziwa kuti sukwana kilo. Pobwerera ndinaona nsalu yakuda yakale itayanikidwa pampanda, ndinang'ambako chigamba osafunsa kuti ndi ya ndani. Ulusi wofiira ndinasolola pamkono wa juzi yanga ya sukulu. Ndinakulunga, ndinamanga mfundo zambirimbiri, ndipo ndisanamizire, ndinkafuna chioneke ngati chithumwa. Chinaonekadi. Ndinanyadira ntchito yanga.

Cholinga changa chinali chophweka. Achemwali akafike kunjako, atsegule chikwama, adumphe kaye ndi mantha, amasule, apeze mwala wa ku Michesi, kenako andiimbire foni n'kunditukwana. Basi. Sikisi kuphatikiza mwala wosakwana kilo sizifika seveni. Ndinauika pansi penipeni, ndinatseka, kiyi pamsomali.

M'mawa chikwama ndinachikweza panjinga ndine. Ndinamva kuti chalemerako, mumtima n'kumati mwala wanga ukugwira ntchito. Achemwali sanachigwire n'komwe. Wapaulendo kwathu sanyamula katundu wake, amanyamula operekeza. Kuchoka panjinga chinapita pamiyendo ya amalume m'minibasi, mpaka ku Blantyre. Operekeza tinalipo atatu, amayi atabereka Tadala, amalume ndi ine.

Pabwalo la ndege operekeza tinatsala kunja, tikuonera pagalasi. Ajenti anali atafola kale ndi atsikana ena, akukuwa kuti tachedwa. Achemwali atalandira chikwama kwa amalume ndinaona nkhope yawo ikusintha, koma ajenti anawakankhira pamzere. Zimene zinayankhulidwa m'katimo ndinazimva pambuyo pake achemwali akufotokozera amayi, koma zochitikazo ndinaziona ndi maso anga.

Mayi wa pasikelo anafunsa ngati chikwamacho analongedza okha, komanso ngati pali wina anawapatsa kanthu koti anyamule. Achemwali anayankha molimba mtima kuti analongedza okha, palibe anawapatsa kanthu. Anachiika pasikelo. Leveni.

"Iwe Malita, ndinati chiyani ine?" anatero ajenti. "Chotsa msanga, anzako akulowa!"

Achemwali anagwada pansi pomwepo, atavala juzi ndi jekete, thukuta lili kamukamu, anthu a masuti akuwalambalala. Anatsegula. Choyamba kutuluka chinali jumbo ya ufa woyera. Amayi, amene anaima pambali panga, anagwira pakamwa. Kenako panatuluka matemba ouma okulunga m'nyuzipepala, amalume n'kuyamba kuyang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. Kenako botolo la chiponde, limene ndinalidziwa kuti ndi la akazi awo a amalume. Kenako jumbo ija ya kalongonda. Inde, inu owerenga. Nditachoka ine masana aja, aliyense anadikira mpata wake, n'kutenga kiyi pamsomali, n'kuika kakekake, poganiza kuti ndi iye yekha ndipo kanthu kakang'ono sikangavute. Chikwama chinali ndi malo, ndipo kwathu malo opanda kanthu m'chikwama cha wapaulendo ndi manyazi a mbumba yonse.

Zikanathera pomwepo, akanataya zakudyazo n'kulowa. Koma achemwali, poona kuti chikwama chawo chasanduka nkhokwe, anapisa dzanja mpaka pansi kuti aone ngati mwatsala china. Anatulutsa chinthu chakuda chomanga ndi ulusi wofiira.

Kukuwa kwake tinakumva ngakhale kunja kwa galasi. Anachiponya pansi, anabwerera chafutambuyo, akufuula kuti, "Si changa! Sindikuchidziwa! Ndani wandiikira?"

Ndinaseka. Sindibisa. Ndinazemba kuseri kwa chipilala n'kuseka mpaka misozi, chifukwa kudumpha kumene ndinkalakalaka kuja ndinakuona ndi maso, kwaulere. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pabwalo la ndege palibe mawu oopsa kuposa akuti si changa, sindikuchidziwa, makamaka kwa munthu amene wangonena kumene kuti analongedza yekha. Achitetezo anabwera, anasuntha anthu, anatenga achemwali, chikwama ndi chinthu chija kupita nazo m'kachipinda. Sindikuwaimba mlandu, ntchito yawo ndi imeneyo.

Mwina mufunsa kuti bwanji sindinagogode pagalasi n'kunena. Ndinkaganiza kuti amasula, aona mwala, aseka, awatulutsa. Komanso dzanja la amalume ndimalidziwa. Ndinangotsala kuseri kwa chipilala kuja. Atsikana ena analowa. Ajenti anayendayenda ndi foni kukhutu, kenako sitinamuonenso. Patapita nthawi tinamva mkokomo, ndege n'kutulukira pamwamba pa madenga. Amayi anali atamuphunzitsa Tadala sabata yonse zoti adzachite. Mwana anakweza kadzanja ali kumbuyo, akuti, "Bayi amama! Bayi amama!" Amama akewo anatuluka m'kachipinda muja ndege itasanduka kadontho, jekete ili m'manja, chikwama chili chotsegula.

M'minibasi pobwerera achemwali anayesa kuimbira ajenti. Foni ya ajenti inayankhidwa kamodzi, anati iye mbali yake anachita, ndipo sinayankhidwenso.

Achitetezo anali atawauza achemwali kuti ndi mwala wamba, n'kuwabwezera pamodzi ndi nsalu ndi ulusi wake. Koma kumudzi mwala wamba suvala nsalu. Amalume anaziyala pamphasa, anthu anaunjikana. Mayi wina anaitembenuza nsaluyo ndi kamtengo n'kunena kuti akuidziwa, ndi ija azakhali anavala pamaliro a bambo. Anyamata anathamanga kukatenga nsalu yotsalayo pampanda wa azakhali, pong'ambika paja panagwirizana. Amayi a pamtondo aja anakumbukira mawu akuti tiona ngati mukafike. Kalongonda uja anakhala umboni woti azakhali anatsegula chikwama. Za ufa, matemba ndi chiponde palibe anafunsa.

Azakhali anavomera za kalongonda, anati sakanalola mwana wa mchimwene wawo apite wopanda chakudya cha kwawo. Za mwala anakana, akulumbira. Palibe anamva.

Masiku awiri ndinakhala chete, ndipo ndinene zoona, nkhani zimene zinkamveka zinkandikoma. Ena ankati mwalawo unkalemera makilo asanu pabwalo la ndege, n'kupepuka pofika kumudzi. Ena ankati unkapuma. Mnzanga wina kusukulu analumbira kuti ndege ikanagwa. Ine, mwini mwala, ndikungogwedeza mutu, mkati ndikufa ndi phwete. Ndinkati zizizira zokha, ngati za bilimankhwe zija.

Tsiku lachitatu ndikuweruka kusukulu ndinamva phokoso kumapeto kwa mudzi. Nditafika ndinapeza udzu wa denga la azakhali uli pansi, miphika yophwanyika, mbuzi yawo ikulira pachingwe. Ana a amalume ndi anyamata ena anali atawakokera pabwalo. Ndisanatsike n'komwe panjinga, chidutswa cha njerwa chinachokera m'gulu n'kuwamenya pankhope. Anakhala pansi pang'onopang'ono, dzanja lili padiso, magazi akudutsa pakati pa zala. Sanalire.

Ndinafuula kuti ndine, mwala uja ndinaika ndine. Wina anayankha kuti, "Mwaona? Wamulodzanso mwanayu, akuyankhula zam'maluwa!" Anayamba kutolanso miyala. Ndinavula juzi, ndinawaonetsa mkono wosoloka uja, ndinati abweretse ulusi ayerekeze. Mwana wa amalume anathamanga kukautenga. Anauika pajuzi. Unali womwewo, wofiira wofwifwa, wopotana chimodzimodzi.

Anthu anabalalika mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana mapazi ake. Wopepesa panalibe. Woponya njerwa mpaka lero sadziwika, ngakhale onse anali pomwepo.

Diso lija kuchipatala analephera kulipulumutsa. Azakhali atatuluka sanagonenso m'mudzi muno. Anamanga kamtolo, anaitana kabaza kuti awatengere kwa abale awo kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Ndinali pamsewu pomwe ankadutsa. Anamuuza wa kabaza kuti aime, anandiyang'ana ndi diso lotsalalo.

"Nsalu ija ukanandipempha, mwana wa mchimwene wanga. Ndikanakupatsa ina. Ija inali ya maliro a bambo ako."

Anamugwira wa kabaza paphewa, napita.

Achemwali pano amagulitsa tomato pa Chiringa. Kuyambira tsiku lija sanandiyankhulepo. Akafuna kanthu amatuma Tadala, amati kawauze amalume akowo atunge madzi, ine ndili pomwepo. Munda wa kuchigwa chaka chino unabereka mpunga wosaneneka, ndipo amayi amakagula wa m'kapu kwa munthu yemwe akuulimayo. Chikwama chija chinapachikidwa kudenga, muli mbewu ya nandolo.

Abale atakhala pansi kuti andiweruze, ine ndinali nditakonzeka. Mwala uja ndinali nditapita nawo kusikelo ya ana, alangizi n'kundiyezera. Sunakwane kilo, monga ndinanenera. Ndinawawerengera bwinobwino kuti ndikanakhala ndekha chikwama chikanadutsa, achemwali bwenzi ali kunja akutumiza ndalama, mwala uli pawindo lawo ngati chikumbutso. Ndinamaliza ndi funso, mwaulemu wonse, nditagwada.

"Amalume, nanga matemba aja anali a ndani?"

Funso limenelo linandiwonjezera zikwapu.

Tsono inu owerenga, makamaka amene mudzakwere ndege, imvani kwa ine amene ndinaona. Akakuuzani makilo seveni, adani anu si sikelo, ndi anthu okukondani. Longedzani nokha, tsekani, kiyi mumumange pakhosi, osati pamsomali. M'mawa wa ulendo yezaninso, ndipo chikwama munyamule nokha ngakhale amalume akwiye. Kamba mulandire ndi manja awiri, muthokoze, mudye pomwepo ndi mwiniwake kapena mubise kwa anansi, koma musabweze munthu wamkulu pamaso pa anthu, chifukwa mawu amene anganene ndi mkwiyo adzamutsata. Inu operekeza, kanthu kanu kakang'onoko sikali kokha, pali anzanu anayi amene akuganiza chimodzimodzi. Ndipo mukapeza chomangamanga chakuda, masulani kaye, mufunse ana a sukulu a pakhomopo, musanatchule dzina la mayi wokalamba wopanda womuikira kumbuyo.

Kwa anzanga okonda zopusitsa, langizo ndi limodzi. Nsalu muzing'amba yanu. Pamenepo pokha ndiye ndinalakwitsa, ndipo ndikuvomera. Zina zonse zinali bwinobwino.

Chilango changa chinali pawiri. Zikwapu za amalume zinapola sabata yomweyo, anadula nthambi yauwisi yosalimba, ndipo dzanja lawo layamba kukalamba. Chachiwiri anati popeza ndimakonda kunyamulitsa anthu miyala, mwala uja ndiziyenda nawo m'chikwama cha sukulu tsiku lililonse mpaka ndidzalembe mayeso a Fomu 4. Amayi amapisa dzanja m'mawa uliwonse kuti aone ngati ulimo. Kusukulu anandipatsa dzina loti Seveni Kilo, ndipo a Fomu 1 amandipatsa zitumbuwa kuti augwireko. Ndimaswera mtedza, ndimakhomera pedulo ikamasuka, tsiku lina aphunzitsi anaubwereka kutsekerezera chitseko kukuwomba mphepo. Popita kusukulu masiku ano ndimazungulira njira ya kumsika, ija yodutsa pabwinja la azakhali ili ndi minga yoboola matayala. Ya kumsikayo ndi yotalikirapo, koma mwalawo suvuta kunyamula. Ndinakuuzani kale, sukwana n'kilo yomwe.